Za Kanyumba Koyenda pa Mawiro

Abale athu a m'midzi, mwezi uno tifuna kukamba nanu za cinthu cimene ambiri a inu simunacione ndi maso, koma mukamva mapangidwe ace mudzati, Ici n'cibale ca ngolo yathu ya ng'ombe. Ndico kanyumba ka matabwa kokhala pa mawiro awiri, kamene galimoto imakakoka pambuyo pace, kuti wapaulendo agone m'menemo pali ponse dzuwa lamlowera. Ife tinathandiza kumanga kamodzi ku Lilongwe pa chuthi ca sukulu, ndipo m'nchitoyo tinapezamo nzeru zina zimene ziyenera anthu a kumudzi koposa eni cuma a m'tauni. Cifukwa cace tapempha malo m'tsamba lino.

Poyamba tinene za mzindawo, pakuti ena a inu mudziwa Lilongwe wa kumsika ndi ku depoti yekha. Angerezi anakhazika boma pa mtsinje wa Lilongwe m'caka ca 1904, m'dziko la mfumu Njewa, ndipo m'caka ca 1975 likuru la dziko linacoka ku Zomba nilidza komweko. Lero mzindawo uli ndi nkhope zitatu. Kuli Old Town, kumene kuli msika waukuru, masitolo a pa Bwalo la Njobvu, ndi mseu wa Malangalanga wodzala anthu ndi pfumbi. Kuli City Centre, kumene kuli maofesi a Boma pa Capital Hill, mabanki, ndi Nyumba ya Malamulo imene anaitsegula m'caka ca 2010. Ndipo kuli malo a nyumba zotalikirana, monga Area 10, Area 12 ndi Area 43, ndiponso Area 3 ndi Area 9 kufupi ndi Old Town. Kumeneko nyumba iri yonse iri m'kati mwa linga la njerwa, pacipata pali citseko ca citsulo, ndi mlonda, ndi agaru. M'mabwalo a nyumba zotere ndimo muona nthawi zina ngolo zogonamo, zambiri zocokera ku South Africa; eni ace apita nazo kunyanja ku Salima, kapena kukaona nyama ku Kasungu ndi ku Luangwa.

Mkuru wina wa ku Area 12, wopuma pa nchito ya Boma, analakalaka ngolo yotere, koma mtengo wace unamkanika. Tsono anapeza pa intaneti zithunzi ndi miyeso ya kangolo kakang'ono komanga ndi manja, naitana mmisiri wa matabwa wa ku Mchesi. Mmisiriyo anali mwana wa sukulu wathu kale, ndipo poona kuti miyeso yalembedwa m'Cingerezi, ndi m'mapazi ndi mainchi, anadza kwa ife nati, "Aphunzitsi, maceka ndi nyundo ndi zanga, koma masamu awa ndi anu, tiyeni tigwirizane." Tinabvomera mokondwa, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Kangolo aka kanayamba ku America pa nthawi ya umphawi. M'caka ca 1929 cuma ca dziko lija cinagwa, anthu osawerengeka anacotsedwa nchito, ndipo m'zaka zotsatira amene anali ndi galimoto anali ndi yaing'ono yosatha kukoka katundu wolemera. Pamenepo amisiri anaganiza za kanyumba kocepa, kokwana anthu awiri ogona, kosalola munthu kuimirira m'kati, ndi malo ophikira kumbuyo kwace. Magazini a nchito za manja anasindikiza miyeso yace kuti munthu ali yense amange pakhomo pace. Imodzi yodziwika inaturuka mu Mechanix Illustrated m'caka ca 1947. Nkhondo yaikuru itatha m'caka ca 1945, ambiri anakuta ngolo zao ndi malata opepuka otsala ku ndege za nkhondo, naikako mawiro a magalimoto a asilikari. Pambuyo pace, magalimoto atakula ndi cuma citabwerera, anthu anakapeputsa nafuna zazikuru. Koma kuyambira ca m'ma 1990 kabukanso, pakuti miyeso yace iyenda tsopano pa intaneti kufikira kwathu kuno. Ukakapenya cam'mbali, kutsogolo n'kobulungira ndi kumbuyo n'kosongoka, ndipo cifukwa ca ici eni ace akacha dzina la dontho la msozi. Sanakaumbe motero pofuna kukongola kokha iai. Mphepo ikagunda cinthu cobulungira ipita pamwamba pace mosabvuta, ndipo galimoto simwa mafuta ambiri pocikoka.

Tsono tinene za thabwa lace, limene amisiri alicha pulaiwudi. Thabwa la masiku onse liri lolimba motsata mitsempha ya mtengo, koma m'mimba mwace ling'aluka msanga, monga adziwa ali yense wowaza nkhuni. Opanga pulaiwudi azungulitsa cipika pa makina nacisenda ndi mpeni wautali, kotero kuti cituruka ngati nsaru yofunyulula. Zisendezo azisanja cina pamwamba pa cinzace, ici mitsempha yace yoloza uku, cinzace yopingasa, nazimata ndi guluu, nazipsinja ndi moto. Asanja 3, kapena 5, kapena 7, osati 4 kapena 6, kuti mbali ziwiri zilingane ndi thabwa lisapindike. Umo ndimo muluka mphasa ndi nkhokwe: copingasa cigwira coongoka. Kale guluu wace anasungunuka ndi madzi, koma m'caka ca 1934 ku America anapeza guluu wosaopa madzi, ndipo pa nkhondo ija Angerezi anamanga ndi matabwa otere ndege yaliwiro yochedwa Mosquito. Kwathu kuno pulaiwudi apanga ku Chikangawa, pa mapiri a Viphya, kumene Boma linabzala nkhalango ya paini ya mahekitala 53,000. Linafuna kupanga mapepala, koma fakitale ya mapepalayo sinamangidwe. M'malo mwace munadza ya matabwa, imene kuyambira 1999 iri m'manja mwa Raiply.

Thabwa limodzi la pulaiwudi kutalika kwace ndi mapazi 8, m'mimba mwace mapazi 4, ndiko kunena mamilimita 2440 ndi 1220. Muyeso wa kanyumba konse ucokera pamenepo: thabwa limodzi ndilo pansi, limodzi khoma la kumanja, limodzi khoma la kumanzere, ndipo palibe cotayika koma ngondya zodulidwa. Pogula cenjerani, pakuti pali pulaiwudi wa m'nyumba ndi wa kunja, ndipo pamaso afanana. Cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Mmisiri wathu anadula kacidutswa pa mtundu uli wonse, natiwiritsa m'poto nthawi yaitali. Kena kanasendeka ngati anyezi, kena kanakhala cigwirire. Ndipo tinagula mtundu waciwiriwo, ungakhale unali wokwera mtengo.

Nchito yoyamba siya matabwa koma ya citsulo. Ku Biwi, kumene kuli magaraja ndi ogulitsa zitsulo za magalimoto akufa, tinapeza ekiselo ndi mawiro ace ndi masipuring'i, ndipo mmisiri woocherera anatipangira cimango ca zitsulo, ndi mkono wace wotulukira kutsogolo wokakolowekera ku galimoto. Apa ndipo pagona moyo wa anthu. Ekiselo siikhala pakati peni peni, koma cakumbuyo pang'ono, monga magawo 6 mwa magawo 10 kuyambira kutsogolo kwa kanyumba. Lamulo lace ndi ili, kuti pa kulemera konse kwa ngolo ndi katundu wace, magawo 10 kufikira 15 mwa 100 atsamire pa mkono uja. Ngolo ikalemera makilogalamu 400, mkono ulemere 40 kufikira 60. Ndipo ife tinayesa ici ndi sikelo yoyesera cimanga. Katundu akacuruka kumbuyo, ngolo iyamba kugwedeza mcira pa liwiro, uku ndi uku, kufikira igwetsa galimoto yomwe. Inu oyendetsa ng'ombe mudziwa kale cinthu ici, mungakhale simunacilembe m'masamu: matumba akacuruka kutsogolo goli lipsinja makosi a ng'ombe, akacuruka kumbuyo goli linyamuka ndi zingwe zizitsamwitsa. Wophunzira wa ku America ndi mlimi wa ku Mitundu aphunzira kwa mphunzitsi mmodzi.

Pa cimango tinamanga thabwa la pansi, locindikala mamilimita 18, ndi mabauti. Koma tisanaligoneke tinalipaka phula kunsi kwace, cifukwa matope ndi madzi a mumseu agunda kumeneko. Makoma awiri tinawaphatikiza pamodzi, ndi kujambula mzere wokhota pa limodzi lokha, kutsogolo ndi cingwe comanga ku msomali monga tijambula maziko a nyumba yozungulira, kumbuyo ndi kansungwi kowerama. Ndipo mmisiri anaceka onse awiri nthawi imodzi, kuti asasiyane ngakhale pang'ono. Titaimika makoma, tinapingasa timitanda kucokera khoma kufikira khoma, totalikirana ngati phazi limodzi, monga mbalo za denga. Pa timitandato tinaweramitsa pulaiwudi wopyapyala wa mamilimita 4, pang'ono pang'ono, kumata ndi guluu ndi kumanga ndi masikuruwu kuyambira kutsogolo. Nchito iyi ifuna kudekha. Mnyamata wa phuma athyola thabwa la mtengo wace wa nkhuku zingapo m'kamphindi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mdani wamkuru wa kanyumba kotere ndi madzi. Pulaiwudi amwa madzi makamaka m'mphepete modulidwa, m'mene mitsempha ya mtengo iri yotseguka. Akamwa atupa, nabvunda, ndipo ciswe citsiriza zotsala. Cifukwa cace mphepete iri yonse tinaipaka kawiri ndi katatu. Eni cuma akuta denga ndi malata opepuka, koma pali njira ina ya amphawi, imene ife tinatsata: kumata nsaru yolimba pa thupi lonse la kanyumba, ndi kuipaka penti wa kunja kangapo kufikira maso a nsaru atsekeka. Kumbuyo kuli citseko cacikuru cotsegukira kumwamba, cimene cikhala ngati khonde la wophika, ndipo pansi pace pali mashelefu a mbale ndi mapoto. Pa mahinjesi a citseko cimeneco ndipo mvula ikonda kulowera. Tinachingapo ndi mphira wodula ku cubu cakale ca galimoto.

Koma pochinga madzi musachinge mpweya. Kanyumba kotsekeka bwino kali ngati botolo, ndipo anthu awiri ogona m'menemo afuna mpweya watsopano usiku wonse. Tinaika zenera pa citseko ciri conse ca m'mbali, ndi kabowo kobvundikira padenga, zonse ndi sefa wa waya woletsa udzudzu. Ndipo mau awa tiwanena kwa onse, a ngolo ndi opanda ngolo omwe: mbaula ya makala isalowe m'malo ogona otsekeka, kungakhale kuzizire ngati mwezi wa June ku Dedza. Makala aturutsa mpweya woipa wosaoneka ndi wosanunkha. Munthu angoona tulo tokoma, osaukanso. Cifukwa ca ici ophika aphikira kunja, kumbuyo kwa kanyumba. Potsiriza tinaika nyali zofiira ndi zokhotera, ndi maunyolo awiri ogwira ngolo ngati cokolowekera camasuka. Ndipo mwini wace anapita kukailembetsa ku Road Traffic kuti ilandire nambala, pakuti ngolo yokokedwa ndi galimoto pa mseu wa Boma iri pansi pa lamulo.

Titatsiriza, mwini wace anati tikayese ku Senga Bay, ulendo wa makilomita oposa 100. Potsika zitunda za ku Mvera ngolo inatsata galimoto mofatsa ngati mwana wa ng'ombe, ndipo usiku mvula inagwa, koma m'kati munali mouma. M'mawa mwace ana ndi asodzi anatizinga, ena kusuzumira pazenera, ena kugogoda makoma. Pakati pao panali mai wina wokalamba, amene atapenya nthawi yaitali anafunsa mwini ngolo nati, "Bambo, kodi kuno kunyanja mulibe mbale ngakhale mmodzi, kuti mugone m'bokosi?" Mkuru uja anaseka nati, "Agogo, sindifuna kubvuta anthu." Ndipo maiyo anati, "Mlendo sabvuta, mlendo ndi mame."

Mau a maiyo tawasinkhasinkha kwambiri. Makolo athu sanafune nyumba yoyenda, cifukwa mudzi uli wonse unali nyumba ya wapaulendo. Munthu akafika dzuwa litapendeka analonjera kwa mfumu, ndipo anampatsa madzi, ndi nsima, ndi mphasa, asanamfunse zambiri. Amtengatenga onyamula katundu ndi macila, ndi aphunzitsi oyendera sukulu za m'midzi, anayenda motero masabata athunthu. Lero wa ku Area 12 anyamula nyumba yace kumsana ngati kamba popita kumudzi, pamene wa kumudzi pofika ku Lilongwe apeza malinga ndi zipata zotseka. Tapitani usiku ku Old Town mukaone amene agona m'makonde a masitolo podikira basi ya m'mawa. Kumbukirani alimi ndi oyendetsa malole amene agona pansi pa magalimoto podikira kutsitsa fodya ku Kanengo, ndi odikira odwala amene agona pa citenje. Amene asowa pogona paulendo ndiwo alibe ngolo, ndipo amene ali ndi ngolo ali ndi zipinda zopanda munthu kwao. Sitinena ici kutsutsa mkuru uja, amene anatilandira bwino nalipira amisiri mokwanira. Tinena kuti kanyumba kamene kanabadwa mwa umphawi kasanduka coseweretsa ca olemera, ndipo kayenera kubwerera kwa osowa.

Nanga kabwerera bwanji? M'midzi ya Lilongwe, Dowa, Mchinji ndi Kasungu ngolo za ng'ombe ndi za aburu ziri zambiri, ndipo zambiri zamangidwa pa ekiselo ya galimoto yakufa, monga kanyumba kathu. Ngolo imene inyamula cimanga ndi manyowa masana ndiyo inyamula wodwala usiku. Ndani wa inu sanaone mai wapakati ali pa mphasa m'ngolo yapululu, mwezi wa January, mvula irikugwa, anzace atagwira ambulera ndi pepala la pulasitiki pamwamba pace, ndi cipatala ciri kutali? Ena afika atazizidwa ndi kutopa, ndipo ena safika. M'midzi ina muli kale timangolo ta odwala tokokedwa ndi njinga, ndipo tathandiza ambiri. Koma m'matope ndi pa zitunda njinga ilephera pamene ng'ombe zipita.

Tsono uphungu wathu ndi uwu. Mudzi umene uli ndi ngolo umange cibvundikiro cace mwa njira imene tafotokozayi: makoma awiri a pulaiwudi wa kunja, timitanda, denga lowerama lokutidwa ndi nsaru ya penti, mazenera a sefa. Cikhale cocotseka, comanga ndi mabauti anai, kuti ngolo isaleke nchito ya kumunda. Cisiyane ndi ca ku America pa zinthu zitatu: khomo likhale kumbuyo, lalikuru, kuti wodwala alowe cigonere, denga likwere pang'ono, kuti womdikira akhale tsonga pambali pace, ndipo m'malo mwa mashelefu a mbale mukhale matiresi okutidwa ndi pulasitiki, ndi nyali ya batire. Kumbuyo mukhomeko zonyezimira zofiira, pakuti ngolo yoyenda usiku pa mseu wa magalimoto yopanda cizindikiro iri pangozi yaikuru. Cibvundikiroco cisungidwe pa mthunzi, pamwamba pa miyala kuopa ciswe, kwa mfumu kapena kwa munthu amene onse adziwa khomo lace, ndipo pasakhale wofunsa ndalama usiku wodwala asananyamuke.

Ena adzati, Pulaiwudi ndi wokwera mtengo, ndipo ife ndife amphawi. Zoona, ndipo mtengo wa matabwa wakwera cifukwa nkhalango ya Chikangawa yaonongeka kwambiri ndi moto ndi kudula kosabzala, cimene citikumbutsa kuti wofuna thabwa ayambe ndi mbande. Koma matabwa asanu kapena asanu ndi limodzi sakanika mudzi umene usonkha pa maliro mosacedwa. Tisonkhera bokosi la wakufa tsiku limodzi. Kodi tidzalephera kusonkhera denga la wamoyo m'miyezi itatu? Ndipo kumene pulaiwudi sapezeka, nsungwi zowerama ndi nsaru ya penti zigwira nchito yomweyo. Nzeru yeni yeni siri m'thabwa logula. Iri m'zinthu zitatu zimene tachula, ndizo kulinganiza kulemera, kuchinga madzi, ndi kulowetsa mpweya.

Kwa anyamata amene mwatsiriza sukulu ndipo mukhala pa sitolo kudikira nchito ya muofesi, tinena ici: mmisiri wa ku Mchesi uja sanapite kutali ndi makalasi, koma adyetsa banja lace ndi maceka, ndipo mwini nyumba ya ku Area 12 anaima cirili kumvera mau ace. Masamu amene munayesa opanda pace, a magawo ndi a zozungulira, ndiwo anakhazika ekiselo pamalo pace. Funsani mmisiri wa m'mudzi mwanu akuphunzitseni. Safunsa anadya phula.

Tipempha akuru a midzi ndi amai a m'magulu kuti mukambirane nkhani iyi mvula isanayambe, pakuti denga samanga mvula itafika. Mudzi umene udzayesa ulembere kwa Mkonzi wa tsamba lino, unene zimene zinayenda ndi zimene zinabvuta, kuti ena aphunzireko. Ndipo ofuna miyeso yonse alembenso komweko, ife tidzaitumiza.